Kampango wa Masiku Anayi

Ndinaganiza zopita ku Halale tsiku limene ine ndi koleji ya mishoni ya kuphiri kuja tinagwirizana zosiyana. Ndikuti tinagwirizana chifukwa ndi mawu aulemu. Kunena zoona koleji ndi imene inayamba kugwirizana, ine ndinangouzidwa. Ndinali m'chaka chachiwiri cha uphunzitsi, ndipo masamu anali atandiona kale kuti sindine munthu woyenda naye. Ndinatsika phiri bokosi lili pamutu, taye ili pakhosi, kwina wapansi kwina pabwato, mpaka kwathu ku Chikale. Ndinapeza mkazi wanga NyaLongwe ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo mudzi wonse ukunditchula kale kuti aphunzitsi.

Munthu amene akutchedwa aphunzitsi sangapite kukakoka khoka ndi anzake. Kuphunzitsanso sangaphunzitse ngati pepala alibe. Chotsala ndi ulendo basi. Ku Nkhata Bay ulendo si nkhani, khomo lililonse lili ndi mwamuna wake ku Halale kapena ku Joni. Nkhani ndi kabweredwe. Ena amabwera ndi njinga ndi suti, nkukhalanso pamphasa ndi abale awo ngati sanachokepo. Ena sabwera, ndipo timawatcha machona, dzina limene amayi amalitchula motsitsa mawu. Ine zimenezo sindinkazifuna. Ndinkafuna kudzabwera, anthu akwathu nkundilandiranso ngati wawo, mwinanso kuiwalako pang'ono za pepala lija.

Akulu anga a Yotamu, asodzi amene sanapitepo kutali kuposa kumene bwato lawo limafika, anandiperekeza kudoko. "Pita, Robati," anatero. "Pakhomo pako tiziyang'anapo. Koma ukabwere. Malo ako pamphasa sitikhazikapo galu."

Ntchito ndinaipeza pa famu ina ya fodya, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera m'tauni. Dona wa pamenepo, mkazi wa bwana mwini famuyo, atamva kuti ndimawerenga Chingerezi sanandipatse khasu. Anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini nkundionetsa chinthu choyera, chachitali ngati ine, chonenepa kuposa ine, chonunkhako palafini. Anandipatsa kabuku kake nkunena kuti anyamata atatu amene analipo ine ndisanabwere anachotsedwa chifukwa cha chimenechi. Umu ndi mmene ndinadzozedwera kukhala m'busa wa firiji.

Kwa amene simunaionepo ya palafini, ndikufotokozereni, ngakhale kuti nanenso ndimangokhulupirira. Ndi bokosi limene limazizira m'kati chifukwa pansi pake pakuyaka moto. Ku koleji anatiphunzitsa zinsinsi zingapo za chikhulupiriro, koma panalibe chovuta ngati chimenechi. Pansi pali thanki ya palafini, pathankipo pali chingwe ngati cha nyale, ndipo lawi lake liyenera kukhala labuluu. Likangoyamba kufiira, ndiye kuti tchimo lalowa: chingwe chakula mokhota, kapena m'palafini muli madzi, kapena chumuni yadzaza mwaye. M'mawa uliwonse ndinkagwada pansi, tsaya lili pasimenti, kusuzumira lawilo. Sindinagwadirepo chinthu china mokhulupirika chotero. Chingwecho ndinkachimeta ndi lumo mosamala kuposa mmene ndimametera ndevu zanga. Palafini ndinkamusefa pakansalu. Pamwamba pa firiji ndinkaikapo kambale ka madzi kuti ndione ngati yaima bwino, chifukwa ikapendekeka ngakhale pang'ono imanyanyala. Loweruka linali tsiku lozimitsa moto, kutulutsa zonse, kudikira kuti ayezi asungunuke yekha. Kumukokota ndi mpeni ayi. Mnyamata wachiwiri uja anapita chifukwa cha mpeni.

Wophika wa panyumbapo anali Ada Kamanga a ku Usisya, nkhalamba imene inachoka kwawo ine ndisanabadwe. Iwo ndiwo anali mchona weniweni, wokhwima. Akandipeza nditagwada ankavula chipewa. "Abusa, mutikumbukireko nafenso m'mapemphero," ankatero, "ife a mbaula, anthu a kumoto."

Lamulo lalikulu la Dona linali limodzi. Chakudya chikatsala, m'firiji. Nyama ikabwera, m'firiji. Osati pambuyo pake, osati ukamaliza kusesa, koma nthawi yomweyo, nkutseka chitseko msanga. Ndinalimva lamuloli tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka linachoka m'makutu nkukakhala m'manja. Manja anga akaona nyama ankangodziwa okha kopita.

Za kusungulumwa ndinene mwachidule, chifukwa nkhani yake ndi yosakoma ngakhale kwa mwini wake. Kumeneko mwezi wa Juni kumazizira moti mwana wa kunyanja amayamba kukayika ngati Mulungu amadziwa kuti kuli anthu. Malo ofunda pafamu yonse anali kuseri kwa firiji, kumene kumatulukira kutentha kwa lawi lija. Nthawi yopuma masana ndinkakhala kumeneko, msana nditatsamira khoma, nkumaiuza za kwathu m'Chitonga. Siinkayankha. Nthawi zina inkalira pang'ono m'mimba ngati munthu amene sanadye. Ndakhalapo ndi anzanga oipa kuposa pamenepo.

Ndalama ndinkatumiza papositi, chaka choyamba mwezi ndi mwezi, kenako pakapita miyezi itatu, kenako chikumbumtima chikandipeza. Makalata a NyaLongwe anali aafupi ngati tikiti ya sitima. "Tili bwino. Tikudya. Mwana ndi wamkazi, dzina ndi Esinati." Chaka china: "Tili bwino. Tikudya. Esinati wayamba kuyankhula, akufunsa kuti chithunzi chija ndi ndani." Ine ndikawerenga mawu akuti tikudya ndinkadziguguda pachifuwa. Ndinkati taonani mwamuna, ali kutali koma banja likutafuna. Kalata ya imfa ya atate inandipeza Loweruka, ataikidwa kale masabata atatu. Ndinaiwerenga nditaima, nkuipinda, nkupitiriza kupukuta madzi a ayezi, chifukwa nyama ya Dona inali panja ndipo kunja kunkatentha.

Pano pamene ndikulemba, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Bulawayo, firiji imene ndimasamala ndi yamagetsi. Siifuna m'busa. Imangong'ung'udza yokha, ine nkumaipukuta ngati munthu wopukuta mwala wa pamanda a mlendo. Ndikunena izi kuti musayembekeze kuti nkhaniyi ithera pabwino.

Chaka chachisanu bwana anayamba kukamba zokoka magetsi, ndipo Dona anati akadzafika, yakaleyo adzaigulitsa. Ine ndinati ndidzaigula ndine. Ndinasunga malipiro a zaka ziwiri, ndipo m'zaka ziwiri zimenezo kumudzi sindinatumizeko kalikonse. Makalata ankabwerabe. Tili bwino, tikudya. Ada Kamanga anapukusa mutu. "Mwanawe, anzako amagula njinga. Njinga imakufikitsa kwa anthu. Ichi chikakufikitsa kuti?" Ndinawayankha kuti njinga aliyense ali nayo, koma ku Nkhata Bay konse firiji ili kwa azungu a paboma ndi kuchipatala basi. Yachitatu idzakhala ya munthu amene analephera masamu.

Nditaigula, firijiyo inayenda pasitima ya pamtunda, nkukwera ya pamadzi ku Chipoka, ndipo padoko la kwathu anaitsitsa ndi zingwe. Amuna asanu ndi mmodzi anaisenza chogona kulowera ku Chikale, nditaikulunga m'bulangete. Amayi ena amene ankasuwa chinangwa m'mbali mwa njira ataona bokosi lalitali likubwera pamapewa anayamba kulira maliro. Anasiya ataona ine ndikubwera pambuyo ndi suti, ndipo mmodzi anaoneka wokhumudwa pang'ono.

Firiji ya palafini ikayenda ulendo wautali imasokonezeka m'mimba. Mankhwala ake ndi kuiimika chadodolido tsiku limodzi, kenako kuitembenuza, nkuisiya tsiku lina ipume. Choncho tsiku langa loyamba kwathu, abale amene anabwera kudzandiona anapeza chuma changa chonse cha zaka zisanu ndi ziwiri chitaima ndi mutu pakhonde. Palibe anafunsa. Ama, mayi anga ondibala, anandigwira kumaso ndi manja onse awiri nthawi yaitali, nkunena kuti ndanenepa m'masaya mokha. Esinati anabisala kuseri kwa amake. Mawa lake ndinaitembenuza firiji ija, ndipo mkuja wake Ama anandiperekeza kumanda a atate. Titabwerako ndinagwada m'nyumba mwanga, kuika timiyala pansi pa miyendo ya firiji mpaka madzi a m'kambale ataima bwino, nkuyatsa. Lawi linatuluka labuluu nthawi yoyamba yomweyo. Ndikanakhala wanzeru ndikanaopa.

Lachiwiri m'mawa, m'kati mutazizira bwino, a Yotamu anafika kuchokera kunyanja ndi kampango paphewa. Sindinaonepo wamkulu chotero, mchira unkakwekwereza pansi. Anamugoneka pakhomo panga pamasamba a nthochi, anthu akusonkhana. "Wabwera, Robati," anatero. "Ndiwo yako nayi."

Tsopano apa ndiulule, poti kuulula ndi theka la chikhululukiro, ngakhale theka linalo sindinalione. Mwambo ndinkaudziwa. Munthu akabwera ku ulendo wautali, nsomba yoyamba imene wapatsidwa siikhala yake. Amaidula nthuli, mbale nkupita khomo lililonse la abale, ndipo tsiku limenelo onse amadya ndiwo yochokera m'manja mwake. Ndi mmene mudzi umadziwira kuti wabweradi. Ine ndinakulira momwemo. Koma ndinali nditapita ku koleji chaka ndi theka, ndipo ndinali nditaganiza mozama, kuseri kwa firiji kuja, nkupeza chifukwa chake cha mwambowo: anthu akwathu amagawana nsomba chifukwa nsomba imaola. Ukachotsa kuolako, vuto latha. Ndinkaona ngati ndawabweretsera chipulumutso.

NyaLongwe anatuluka ndi mpeni ndi mbale zisanu ndi ziwiri, nkuzindanda pamphasa. "Mbale ndatsuka kale, bambo a Esinati," anatero.

"Bwezerani m'nyumba," ndinatero ine. "Lero muona zina."

"Ndati mbale ndatsuka."

Ananena motsitsa mawu, osandiyang'ana. Mkazi sangabwereze kachitatu pagulu. Ine ndinali nditavula kale jekete. Ndinamutumbula kampango uja, nkumudula patatu kuti akwane, manja akugwira okha ntchito imene ankaidziwa. Ndinalalikira za kuzizira ndi za tizilombo tosaoneka ndi maso. Ndinalowetsa zonse, nkutseka chitseko msanga. Kenako, posonyeza kuti sindine woumira, ndinayendetsa kapu ya madzi a ayezi. Aliyense anamwako, nkugwira tsaya chifukwa cha mano, nkuthokoza kuti yewo.

A Yotamu sanamwe. "Ndiye akhala mmenemo mpaka liti?" anafunsa.

"Ngakhale sabata yathunthu, akulu. Osanunkha."

"Sabata," anatero. Anayang'ana mbale zija pamphasa, nkutola chipewa chawo.

Tinadya kampango Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Anali wokoma tsiku lililonse ngati wangovuulidwa kumene, ndipo ndinkanena zimenezi mokweza pa chakudya chilichonse, popeza panalibe wina wozinena. Pakhomo panali zii. Ine ndinkati anthu akundipatsa mpata wopuma. Lachisanu masana, tikusamba m'manja, Esinati anafunsa amake, osati ine, chifukwa ine anali asanayambe kundiyankhula: "Ama, mbale ya kwa NyaPhiri leronso siibwera?"

NyaPhiri ndi alamu anga, akazi a a Yotamu. Ndinafunsa kuti mbale yanji. NyaLongwe anamuuza mwana kuti akadyere panja, nkupukuta manja pachitenje.

"Inu mumaganiza kuti zaka zonsezi timadya mapepala anu a kupositi?" anatero. "Chichokereni inu, palibe tsiku limene mbale siinalowe pakhomo pano. Lero kwa alamu, mawa kwa azakhali anu, mkuja kwina. Usipa ukasowa ankabweretsa ngakhale chigwada. Zaka ziwiri zimene munakhala chete zija, mbale zinkabwera ziwiri. Ine ndinalibe choikamo pobweza. Ndikachita manyazi ankati, usadandaule, mwini wake adzaikamo akadzabwera."

Ndinati bwanji sanandilembere.

"Ndinkalemba. Ndinkati tikudya." Anaima nkuyamba kusonkhanitsa mbale. "Akulu anu anagona panyanja masiku awiri kufuna nsomba imene ija. Ankadziwa kuti mwabwera ndi bokosi lopanda kanthu. Anakupatsani kuti mukhale ndi chogawa, musachite manyazi. Makomo asanu ndi awiri anaphika kondowole, nsima yathu ya chinangwa, tsiku lija osaphika ndiwo, kudikira inu."

Ndinatsegula firiji, nkusiya chitseko chotsegula, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Kampango anali atatsala woposa theka. Ndinadula nthuli zazikuluzikulu nkudzaza mbale zonse, ndipo ndinapempha NyaLongwe kuti akapereke. "Ine manyazi anga ndinamaliza Lachiwiri," anatero. Choncho ndinanyamula ndekha, mwamuna wamkulu, taye pakhosi, mbale m'manja, dzuwa lili paliwombo.

A Yotamu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, Ama atakhala pambali pawo. Ndinagwada nkuika mbale pansi. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma amene anatuluka anali akuti, "Akadali wabwinobwino, akulu. Mununkhizeni."

"Sindikukana," anatero, osasiya kusoka. "Ndinamugwira ndekha, ndikumudziwa. Koma tsiku lija ana anga anadya kondowole ndi mchere, akuyang'ana kunjira. Tandiuza iwe wophunzira: bokosi lakolo limasunganso Lachiwiri? Ngati lilimo, katenge, tidye."

Ama anatambasula dzanja nkukhudza nsombayo ndi nsonga za zala, nkubweza msanga. "Yazizira ngati chipumi cha atate ako," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Iwe sungadziwe."

Makomo enawo analandira mwaulemu, ndi manja awiri. Koma nsomba ya masiku anayi, yosawamba, yosayanika padzuwa, yozizira ngati mtembo, palibe Mtonga amene angaiike mkamwa mwa mwana wake. Pobwerera ndinaona agalu a azakhali anga akukanganirana mutu.

Ndinakhala kwathu miyezi inayi. Palibe anandinyoza, ndipo ndikanakonda akanandinyoza. Ankandipatsa moni wathunthu wotchula chiwongo changa, Ada Manda mwauka uli, ngati kalaliki wa paboma. Ndikafika pamene amuna akhala, wina ankathamangira kukanditengera mpando, iwo ali pamphasa, nkhani nkusintha kukhala ya mvula. Ndinayesa kugula nsomba kugombe nkutumiza m'makomo. Ankathokoza, ndipo mbale zinkabwerera zotsukidwa bwino, zopanda kanthu. Kwathu mbale ya m'bale siibwerera yopanda kanthu. Imene imabwerera choncho ndi ya mlendo. Pakhomo panga sipanalowenso mbale ya munthu. Nyumba imene ili ndi mwamuna, ndiponso bokosi losunga ndiwo sabata yathunthu, ingafunenso chiyani kwa anthu osauka?

Kusodza sindinkatha. Paboma anandifunsa pepala lomwe lija. Firiji inkamwa palafini tsiku lililonse osadumphitsa, pamene m'kati mwake munali botolo la madzi ndi mandimu awiri. Mwezi wachitatu ndinaona kuti NyaLongwe waonda moti wayamba kumangira chitenje pamene sankamangira kale, ndipo Esinati, amene ndinamupeza ali ndi masaya, akudya chigwada masiku anayi otsatizana osadandaula. Tsiku lina m'mawa ndinagwada monga mwa masiku onse, kuyang'ana lawi lija, labuluu bwinobwino, lopanda tchimo lililonse, nkulizimitsa. NyaLongwe sananene kuti ndipite. Ndi mkazi waulemu. Anangochapa malaya anga onse, kuwasita, nkuwapinda m'sutikesi mmalo mowapachika pamsomali.

Tsiku la sitima ndinatsazika m'mawa. Esinati anandipatsa dzanja amake atamuuza. Ndinanyamuka ndekha, sutikesi paphewa, njira ya ku Chikale yopita kudoko. Ndisanafike ngakhale pokhotera pamene nyumba yanga imabisika, ndinakumana ndi alamu anga NyaPhiri akulowera kumene ine ndinkachokera. M'manja anali ndi mbale yovundikira ndi inzake. Anapatuka m'njira, nkupinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu.

"Muyende bwino, alamu," anatero. "Pakhomo musadere nkhawa."

Fungo la usipa wotentha linandipitirira. Ndinacheuka kamodzi. NyaLongwe anali atatuluka kale pakhomo, akupukuta manja kuti alandire, Esinati akudumphadumpha pambuyo pake. Anthu akwathu sanamutaye mkazi wanga ngakhale tsiku limodzi. Ankangodikira kuti ine ndichoke panjira. Sitima tsiku limenelo inachedwa maola anayi, ndipo ndinawakhala onse padoko, pamwamba pa sutikesi, ndili ndi njala.